Thandizeni: buku la makina ophwanyira miyala ndingalipeze kuti?

Membala wosatchula dzina: Abale anga, tulo sindikupeza. Mlamu wanga wa ku Joni anatumiza makina ophwanyira miyala ogwirapo kale ntchito kuti tizigulitsa kwale. Ine ndi amene ndinakongola ku banki mkhonde kuti ndilipire thiraki ndi msonkho pa Mwanza. Anabwera opanda pepala ngakhale limodzi. Angogwira masabata atatu, Lachiwiri ndinangomva kuti phwa! mkatimo, mota nkumazungulirabe koma miyala osaphwanyika. Mlamuyo foni sakuyankha. Mayi akunyumba akuti ndawononga ndine, chonsecho woponya miyala ndi mlongo wawo yemwe, ndipo ndikamudzudzula nkhani imafika kwa apongozi. Amayi a banki akundifuna pa 30. Buku lofotokoza zamkati mwa makinawa ndingalipeze kuti?

Che Wowotcherera: BUKU LA CHANI? Ine zitsulo ndakhala nazo zaka zambirimbiri, buku sindinaligwirepo. Tsegulani kumbuyoko, mupeza chitsulo chathyoka. Bweretsani ndiwotcherere, mawa lomwe muyamba kugaya.

Mayi a Tadala: Bizinesi ndi achibale ayi ndithu. Ife chigayo chinatithera choncho, mpaka lero pamaliro sitipatsana moni.

Katapila wa pa Njuli: Achimwene, simunanene kuti makinawo ndi a kampani yanji. Pathupi pake pamakhala kachitsulo kokhomeredwa, kolembedwa mtundu ndi serial number. Jambulani muike pano. Popanda zimenezo ngakhale wogulitsa masipeya sakuthandizani.

Che Wowotcherera: Serial number imaphwanya mwala? Anthu a sukulu mumachedwetsa anzanu.

Mwana wa Chichiri: Bambo owotcherera, pepani koma pamenepo ndikukanani. Ngati ndi jaw crusher, makina ophwanya mwala poufinya pakati pa nsagwada ziwiri zachitsulo, chathyokacho chiyenera kukhala toggle plate, chitsulo chokankha nsagwada yoyenda, ndipo amachipanga dala kuti chizithyoka msanga mukagwera chinthu chosaphwanyika, monga mutu wa nyundo. Chimadzipereka kuti shafiti ndi maberingi zipulumuke. Mukachilimbitsa, ulendo wina chothyoka ndi chodula. Eni funso, ku library ya yunivesite ya MUBAS mabuku a za migodi aliko. Pa intaneti sakani Basics in Minerals Processing la kampani ya Metso, ndi laulere.

Che Wowotcherera: Iwe, diploma yako isatiopseze. Sipeya yochoka kunja ifika liti, ndi forex yake iti? Munthuyu akufunidwa pa 30!

Agogo a Yankho: Inu mukukangana za zitsulo, za mapapo a mnyamatayo ndani akuziganiza? Mchimwene wanga anabwerako ku migodi ya ku Joni akutsokomola, fumbi la miyala linamuumitsa chifuwa mpaka tinaika. Muzithira madzi pogaya, ndipo kansalu kapamphuno wamba sikatchinga fumbi limenelo.

Dolo wa ku Area 25: Bwererani ku nyundo ndi matayala owotchera mwala akulu, zimenezo sizifuna manual 😂

Katapila wa pa Njuli: Makina ambiri ang'onoang'ono amene ndawaona ndi a ku China, olembedwa PE 250x400. Manambalawo ndi kukula kwa kukamwa kwake m'mamilimita, ndipo mwala wolowa usapitirire 210. Anyamata akatopa amangoponya chimwala chonse, ena mpaka kuchikankha ndi mgwala. Yang'anani pansi pa makinawo ngati sipanagwere chitsulo. Amene munandifunsa ku inbox za bulldozer, Caterpillar Performance Handbook ndi yowerengera dothi limene makina angakankhe pa ola, yokonzera injini ndi ina.

Mayi a Tadala: Komanso chilolezo chokumba miyala muli nacho? Musadzalire kawiri.

Che Wowotcherera: Ndanena kale, bweretsani. Mtengo tikambirana.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Nyundo yathu yaikulu ikusowadi kuyambira Lachiwiri lomwelo, mpini wokha ndi umene ndaupeza. Ndikafunsa mnyamatayo akungoyang'ana pansi. Makinawo ndi obiriwira, aakulu ndithu. Ndiye bukulo ndisake liti pa awiriwa?

Katapila wa pa Njuli: Achimwene, kachitsulo kaja. Jambulani.