RX 580 yakaunjika: ndigule kapena ndiisiye?

Wa ku Matawale: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuyambira chaka chatha ndakhala ndikusunga kangachepe kuti ndimange kompyuta ya magemu. Pali munthu ku Limbe akugulitsa khadi ya graphics (yoonetsa zithunzi za magemu) ya RX 580 ya 8GB pamtengo wabwino. Ndikaigula, ndalama yotsalayo ikwanira purosesa, bodi (motherboard) ndi RAM ya 8GB, ndiye power supply (kabokosi kopereka magetsi ku zipangizo zonsezi) ndingoika yotchipa. Ndikungofuna kusewera gemu ya mpira ya FC ndi GTA V basi.

Wa ku Chinamwali: Aise, pa power supply yotchipapo ndi pamene pandidetsa nkhawa. Khadi imeneyo payokha imadya mawatsi 185, ndipo imafuna chingwe chake cha 8-pin. Ine ndinaikapo yopanda dzina, yolembedwa 500W pachikwama. Tsiku lina magetsi anathima madzulo, pobwera ndinangomva fungo la pulasitiki. Inapita pamodzi ndi bodi. Miyezi isanu ndinakhala opanda kompyuta. Ngati ndalama ya power supply yodziwika, ya 550W, palibe, khadiyo isiyeni.

Wa ku Mpondabwino: Musanakambe za magetsi, mwafunsa kuti ndi RX 580 iti? Pali ina yotchedwa 2048SP yomwe inapangidwira msika wa ku China, mphamvu zake ndi za RX 570. Yeniyeni ili ndi ma shader (tizigawo tojambula zithunzi) 2304. Muuzeni wogulitsayo atsegule GPU-Z, pulogalamu yoonetsa zamkati mwa khadi, akujambulireni. Komanso makhadiwa ndi a 2017, ambiri anagwira ntchito yokumba Ethereum, ndalama ya pa intaneti, usana ndi usiku, ndipo anasefukira pamsika kukumbako kutatha mu September 2022.

Wa ku Matawale: Za 2048SP sindimazidziwa achimwene. Ndamulembera, sanayankhe.

Mlongo wa ku Chikanda: Ine ndikanakhala inu sindikanagula khadi pano. Gulani purosesa ya Ryzen 5 5600G, ili kale ndi graphics mkati, ma core 6, mawatsi 65 okha. Ndalama ya khadiyo ipite ku RAM ya 16GB, timitengo tiwiri ta 8GB osati kamodzi, chifukwa graphics ya mkatiyo imabwereka RAM ndipo imathamanga bwino tikakhala tiwiri. Muwonjezere SSD yosungiramo mafayilo ndi power supply yabwino. Yanga ndi yotero, GTA V ndimasewera bwinobwino, ndipo magetsi akathima inveta yapakhomo imainyamula. Khadi mudzaika mukapeza ndalama, malo ake ali pabodipo. Chenjerani chimodzi: bodi ya B450 yomwe yakhalitsa pashelefu imafuna BIOS (pulogalamu ya mkati mwa bodi) yatsopano kuti izindikire purosesayi, ndiye funsani musanalipire.

Wa ku Sadzi: Achemwali, pa GTA V ndikuvomera, koma mwanayu watchula FC. Pa FC 24 eni gemuyo amati khadi yochepetsetsa ikhale RX 570 kapena GTX 1050 Ti, ndipo graphics ya 5600G sifika pamenepo. Adzatsitsa chilichonse mpaka osewera azioneka ngati ali mu nkhungu ya ku Chawe. Ndiye zoti "mudzaika mukapeza ndalama" ndimazikayika. Kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023, zipangizo zonsezi zimachokera kunja. Amene anadikira nthawi imeneyo anadikira chiyani? Ine RX 580 yanga inachokera kokumba komweko. Ndinaitsegula, kupukuta fumbi, kupaka thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha) watsopano, mpaka lero ikugwira, ngakhale kutentha kwa October.

Mlongo wa ku Chikanda: Inu mumadziwa kutsegula khadi, achimwene. Iyeyu ndi koyamba. Ikafa patatha mwezi, wa ku Limbeyo adzabweza ndalama?

Wa ku Sadzi: Sadzabweza, n'chifukwa chake sagula asanaiyese.

Wa ku Chinamwali: Apo ndiye tagwirizana. Koma ndibwerezanso, khadi yabwino pa power supply yachabechabe ndi kumanga nyumba pamchenga. Bola achepetse kwina, kesi agule yakale, ngakhale yochoka mu ofesi, bola khadiyo ikwanemo.

Wa ku Matawale: Wayankha tsopano. Chithunzi chikuonetsa 2304. Akuti ndibwere ndidzaione.

Wa ku Sadzi: Loweruka tikwere limodzi minibasi ya m'mawa, ndinyamula kompyuta yanga. Tiikemo khadiyo, tiyatse gemu kwa theka la ola, tione kutentha kwake, timve ngati mafani onse awiri akuzungulira osakhula. Akakana kuti tiyese, tibwerera nayo ndalama yako.

Mlongo wa ku Chikanda: Mukafika mufunsenso mtengo wa 5600G, kuti ikalephera khadiyo musabwere manja lende.