Dzina la Victoria lili pa anthu, pa malo mpaka pa mbalame: ndiwalongosolere bwanji ana?

Aphunzitsi anzanga ndi nonse okonda mbiri yakale, ndithandizeniko nzeru.

Ndimaphunzitsa Sitandade 7. Sabata yatha tikuona mapu, mtsikana wina anafunsa chifukwa chake dzina la Victoria likupezeka paliponse: mathithi a pa Zambezi, nyanja yaikulu ya pakati pa Uganda, Kenya ndi Tanzania, likulu la Seychelles, ngakhale msewu wa Victoria Avenue ku Blantyre. Ndinamuyankha kuti gwero lake ndi Mfumukazi Victoria ya ku Britain, imene inalamulira kuyambira 1837 mpaka 1901. David Livingstone ndiye anatcha mathithiwo dzinali mu 1855, pomwe eni dera ankawatcha kale Mosi-oa-Tunya, utsi wogunda. Zimandiwawa ndithu kuti ana athu amadziwa la mfumukazi koma loyambalo ayi.

Nkhani inakula nditawaonetsa chithunzi cha Victoria crowned pigeon, nkhunda yaikulu ya ku New Guinea yokhala ndi nthenga zonga chisoti kumutu. Mnyamata wina anati, "Aphunzitsi, nanga mbalame inalakwanji kuti aipatse dzina la munthu?"

Funso langa ndi ili: amene amapatsa nyama dzina la munthu ndani, ndipo amatsata malamulo otani? Kodi dzina lotere limatheka kusinthidwa? Ngati wina anaphunzitsapo mutu wotere, munauyamba bwanji kuti ana asasokoneze mayina a Chingerezi ndi a makolo? Ndikufuna kubwerera nawo m'kalasi Lolemba.