Thandizeni, adaptive cruise control imapezeka mu double cab ziti?

Wa_ku_Bembeke

Akuluakulu moni nonse. Ndikufuna kusiya Hilux yanga yakale ya D-4D ndigule double cab yatsopanoko, ntchito yanga ndi ya mbatata ndi kabichi, ndimapikula ku Bembeke ndi pa Lizulu kukasiya kwa makasitomala ku Lilongwe nthawi zina mpaka ku Blantyre nde M1 ndi pakhomo panga. Vuto ndi bondo lakumanjali, likumandiwawa ndikayenda mtunda wautali makamaka ndikapezeka kumbuyo kwa ma truck ochokera pa boda ya Dedza oti uponde moto, usiye, uponde buleki, upondenso moto mpaka Kampepuza. Alamu anga anandikweza mu Ranger ya kuntchito kwawo, ndinangoona miyendo yawo ili phee koma galimoto ikuchepetsa yokha liwiro ikayandikira lole, lole ija itapatuka inayambanso kuthamanga yokha, akuti ndi adaptive cruise control. Nde funso langa, mwa Hilux, Ranger ndi D-Max ndi ziti zili ndi chimenechi? Agent wina wanditumizira zithunzi za Raider 2.4 ya 2021 yochokera ku Joni akuti ndi full house cruise ilimo, kodi ndi yomweyo? Ndipo ngati mulibe sangandiikire pambuyo pake?

Waya_ndi_Fyuzi

Achimwene, agent wanuyo mwina sakunama koma sakunenanso zonse. Cruise zilipo ziwiri. Yawamba mumaika 80 nde imangogwira 80 yomweyo olo kutsogolo kukhale lole ya simenti ikukwawa, buleki ndi yanu. Inayo ili ndi radar kapena kamera yoyang'ana kutsogolo, imayeza mpata wapakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo nkumachepetsa kapena kuwonjezera yokha. Ma agent onse amangoti cruise ilimo basi.

Hilux za ku South Africa, zomwe amapangira ku Durban zija, muyang'ane Legend ya facelift ya 2020 kupita mtsogolo, mmenemo ndi momwe anaika Toyota Safety Sense, nde mumapeza cruise ya radar, chokuchenjezani mukamasiya lane ndi buleki yodzigwira yokha mukafuna kuomba. Raider 2.4 mwaonetsedwayo ndi cruise yawamba. Musasokonezenso Legend 50 ya 2019 ndi Legend ya 2020, dzina ndi lofanana koma si galimoto imodzi.

Ranger amapangira ku Silverton ku Pretoria, imeneyo pitani pa Wildtrak, ngakhale yakale ija ya nkhope ya 2015 inali nayo kale. Yatsopano yomwe inatuluka 2022 Wildtrak yake imatha kutsatira galimoto yakutsogolo mpaka kuima nkunyamukanso. XL musayembekezere, XLT zimatengera mwini woyamba ngati analipira pack yowonjezera kapena ayi. D-Max yatsopano inayamba kupangidwa ku Gqeberha 2022, pali L, LS, LSE kenako V-Cross pamwamba, nde zonse za IDAS, dzina la Isuzu la zothandiza dalaivala monga adaptive cruise, zili mu V-Cross, yokhayo imadalira makamera awiri ali pamwamba pa galasi lakutsogolo osati radar ya pa grille.

Koma dzina lolembedwa pa chitseko chakumbuyo musamalikhulupirire kwambiri, sticker ya Legend kapena Wildtrak aliyense atha kumata. Muuzeni agent ajambule pafupi zinthu zitatu. Chiwongolero, pakhale batani la kagalimoto kali ndi timizere kutsogolo kwake, limenelo ndi losinthira mpata, ngati palibe nkhani yathera pomwepo. Chizindikiro cha Toyota pa grille, cha radar chimakhala chosalala ngati chakutidwa ndi galasi, chawamba ukachigwira chala chimalowa m'mipata. Kenako kuseri kwa mirror yamkati pakhale kabokosi ka kamera. Ndipo ajambule video ali pa dashboard akudina batanilo muone timizere tikusintha.

Zoti aikemo pambuyo iwalani. Si radar yokha ayi, pafunika mawaya ake, cluster yake ya mageji pa dashboard, makompyuta a injini ndi a mabuleki azilankhulana nayo, kenako calibration, kuichuna pa kompyuta kuti iziyeza molondola. Ndalama yake bola mungowonjezera mugule yoti inabadwa nayo.

DalaivalaWaProject

Zonse anena a Waya ndi zoona koma ine ndikuuzeni za pamsewu poti ndimayendetsa ya kuntchito ili nacho, Lilongwe Ntcheu Balaka pafupipafupi. Bondo chimathandizadi bambo, sindinama, malo ngati kuchoka Linthipe kukwera ku Dedza usiku kapena mmamawa msewu uli wokha uli kumbuyo kwa truck umangodina nkumawongolera basi, ukafika wosatopa. Koma anachipangira misewu ya eni ake yoti muli magalimoto okhaokha, kwathu kuno mumsewu muli kabaza wanyamula matumba atatu a makala akuyenda mwa zigizagi, ngolo ya ng'ombe, mbuzi, ana a sukulu, minibus yoti yangoima pakati kutsitsa munthu, nde radar imatsatira bwino chinthu choti chikuyenda mbali imodzi ndi inu koma choima kale kapena chaching'ono cham'mbali nthawi zambiri sichiwerengera, olo buku la galimotoyo limanena zimenezo. Truck yoti yafera mumsewu aika masamba m'malo mwa triangle musayembekezere kuti cruise ikuimitsani.

Pa Lizulu tsiku la msika ndimazimitsiratu ndisanafike, pa Tsangano turn off chimodzimodzi, Mlangeni, Ntcheu boma, kulikonse kuli anthu phazi libwerere pa buleki. China ndi makhona, lole ikakhota pa khona lakuthwa radar imaitaya nde galimoto imaganiza kuti kutsogolo kwayera nkuyamba kukoka kubwerera ku liwiro munaika lija, mtima umachita phaa ngati sunazolowere. Njira ya Khwekhwerere yotsikira ku Golomoti ija musayese nkomwe, pamenepo ndi giya yotsika basi. Ndipo June July chifunga cha ku Dedza chija choti sukuona ngakhale mita makumi awiri, za kamera zimangolemba uthenga kuti sizikuona nkudzizimitsa, za radar zimalimbako pang'ono koma matope akamata pa chizindikiro nazo zimagona.

Komanso inu mumanyamula mbatata. Galimoto ikalemera kumbuyo mphuno imadzuka, mabuleki amatalika, nde ikani mpata wautali kwambiri wa timizere tonse, osati kamodzi kaja. Anzathu a minibus azikulowererani pampatapo inde, zipirireni.

Wa_ku_Bembeke

Aaa zikomo kwambiri akuluakulu, nde ndikanagula dzina chabe. Ndamufunsa agent uja chithunzi cha chiwongolero, batani la timizere palibe, pali SET ndi RES basi. Koma Legend ndi Wildtrak mitengo yake mukaphatikiza duty ya MRA ndi ina ija eti. Palibe yotsikirako yoti ili nacho? Ine zikopa za m'mipando ndi ma rim akuda sindikuzifuna, mbatata sizidziwa zimenezo. Komanso ndinazolowera manual.

Clearing_Dedza_Boda

Madala, yotsikirako ilipo koma osati ya ku Joni. Nkhani yonse ndi dziko lomwe galimotoyo anaipangira kuti ikagulitsidwe. Ku Australia kuyambira 2019 Hilux iliyonse olo Workmate ya ma rim achitsulo ndi mipando ya nsalu inabwera ndi Safety Sense, Ranger yatsopano kumeneko ngakhale XL ili ndi adaptive cruise, chifukwa kumeneko popanda zachitetezo monga buleki yodzigwira yokha galimoto sipeza nyenyezi 5 za ANCAP, bungwe loyesa chitetezo cha magalimoto, ndipo makampani akuluakulu sagula. Ku UK nakonso Hilux za zaka zaposachedwa ngati Icon ndi Invincible zili nacho. Kuno ku Africa amachisungira zapamwamba zokha kuti zotsika zikhale zotchipa. Nde XL ya ku Australia ndi XL ya ku South Africa dzina limodzi katundu wosiyana, ndipo zatsopano zogulitsidwa konkuno nazo zimakhala ndi spec yakeyake, funsani pepala la spec musanapereke deposit. Maiko onse amenewa chiwongolero ndi chakumanja ngati kwathu nde palibe vuto, chongoti za ku UK muzigwada muone pansi, mchere amathira mumsewu nyengo yozizira uja umadya chassis, ndipo zambiri zimafuna AdBlue, madzi apadera otsukira utsi wa dizilo.

Za manual, pa D-Max adaptive ndi ya automatic yokha, manual imakhala ndi cruise yawamba. Ndipo yoti iime yokha nkunyamukanso ndi automatic basi, manual singatheke poti clutch ndi yanu. Ya Hilux za 2019 ndi 2020 zija dziwaninso kuti ndi ya pa liwiro, mukatsika kwambiri imalira nkukusiyirani, si ya pa jam ya ku Lilongwe. Ngati vuto ndi bondo ine ndikanati automatic yomweyo.

NaNtcheu

Bambo a ku Bembeke ndiwonjezereko chimodzi chomwe abambowa sanatchule, kusamala kwake. Kwathu tili ndi yamakamera, mwala unadumpha kwa lole pafupi ndi Biriwiri galasi lakutsogolo nkung'aluka, tinkaona ngati ndi zongosintha galasi monga kale koma ayi, likufunika galasi loyenera la bracket ya kamera kenako akaichite calibration pa kompyuta, nde ndi ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, pa boma pano palibe. Sabata zonse tinkadikira zija dashboard inali yongoyaka.

Komanso anthu akuno tikangogula pick up timathamangira kwa owotcherera kukaika bull bar chifukwa cha mbuzi ndi ng'ombe. Pa Toyota ya radar chitsulo chikadutsa kutsogolo kwa chizindikiro chija mwaiphimba maso, pamafunika bull bar yopangidwira galimoto ya radar yosiya malowo poyera, ma spotlight nawonso asakhale pamenepo. Muwerengeretu zimenezi pa bajeti.

Waya_ndi_Fyuzi

Mayi anena zoona, ndipo zambiri zobwera kuno zoti zinaombapo kutsogolo amangoika bampala ndi grille yawamba radar osabwezeretsa, batani pa chiwongolero lilipo koma ukadina imalemba error, nde video ija ndinanena ikhale ya galimoto ikuyenda pamsewu osati itaima pa yard. Pa Toyota radar ikadetsedwa ndi matope muli pa ulendo, zimitsani cruise kenako dinani batani la ON OFF nkuligwira kwa sekondi imodzi ndi theka, imasanduka cruise yawamba, bola mukumbukire kuti apo siikugwirirani buleki. Mukaipeza ina tumizani chassis number ndi zithunzi zitatu zija pano tiione musanatumize ndalama.