Gulu la banja: za ntchito ya Thoko ku Nsanje

Malume, Ngabu: Mwaswera bwanji nonse. Thoko amuitana ku ntchito ku Nsanje ndipo akufuna yankho pofika Lachisanu. Sindikufuna wina adzati sanamve. Thoko, fotokoza wekha, mwini nkhani ndiwe.

Thoko: Zikomo malume. Ndi bungwe lina lomwe likuthandiza chipatala pa matenda a shuga ndi BP. Akufuna munthu woti iye mwini ali ndi shuga. Ntchito yake ndi kukhala pa kiliniki, kuphunzitsa odwala kudzibaya ndi kudziyeza, komanso kulondola m'midzi amene asiya kubwera kudzatenga mankhwala. Ndi ya chaka chimodzi. Malipiro si ochuluka, koma timapepala toyezera shuga ndizipatsidwa ulere.

Achimwene, Joni: Ameneyo ndi mwayi chemwali. Timapepala timeneto ndi tomwe timatimaliza ndalama mwezi ndi mwezi. Ine ndavomera kale.

Azakhali, Nchalo: Musathamange bambo. Ine mtima wanga ukukana. Mwanayu kuyambira ali Fomu 2 takhala tikumusunga ngati dzira. Lero azikapalasa njinga kupita ku Tengani ndi ku Marka, dzuwa la Okotobala lodutsa madigiri 40 lija? Akakagwa panjira amudziwa ndani?

Malume, Ngabu: Kutentha kwa ku Nsanje ndi kwa kuno ku Ngabu n'kumodzi, alongo. Koma za kugwa panjirazo mwanena zoona. Mlamu muli pompo? Inu ndinu a ku chipatala.

Mlamu, Blantyre: Ndilipo malume, ndangoweruka. Azakhali sakunama. Munthu wobaya insulini, mankhwala otsitsa shuga, akapalasa njinga mtunda wautali, shuga wa m'magazi amatsika, nthawi zina ngakhale usiku wake ali mtulo. Chofunika n'chakuti asamanyamuke asanadye, ndipo m'chikwama musamasowe shuga wa m'kapepala kapena botolo la Fanta. Kamakina koyezera shuga kakaonetsa pansi pa 70, kapena akayamba thukuta, kunjenjemera, kulankhula ngati waledzera, amwe masupuni aang'ono atatu a shuga m'madzi, adikire mphindi 15, ayezenso. Akakomoka osamumwetsa kanthu, angatsamwe. Kumugoneka chammbali n'kuthamangira naye ku chipatala. Zimenezi Thoko akuzidziwa. Funso langa ndi lakuti yemwe azikagona naye nyumba imodzi akuzidziwa?

Azakhali, Nchalo: Ndiye poti pamenepo. Kunyumba akatembenuka usiku mayi ake amadzuka.

Amayi aang'ono, Nsanje: Ngati ndi malo ogona, pano alipo. Chipinda cha ana chili chabe chichokereni mtsikana wanga ku ukwati. Kuchokera pano kukafika ku chipatala ndi ulendo wapansi. Koma mundiphunzitse, ine jakisoni ndimamuopa.

Mlamu, Blantyre: Kubaya azidzibaya yekha amayi. Inu mungodziwa zizindikiro ndi pomwe pali shuga. Firiji muli nayo?

Amayi aang'ono, Nsanje: Ilipo koma magetsi ake ndi omwe mukuwadziwa. Chaka cha namondwe Ana, 2022, Kapichira ataonongeka, tinangoisandutsa kabati yosungira mbale.

Mlamu, Blantyre: Mabotolo a insulini osatsegula amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ndipo osawaika mbali youmitsa madzi, insulini akaundana watha ntchito. Botolo lotsegula limakhala masiku 28 ngati silikupsa ndi dzuwa. Magetsi akazima, mabotolo muziwaika mu mtsuko waung'ono m'kati mwa waukulu, pakati pake mchenga wonyowa, pamthunzi podutsa mphepo. Umu ndi momwe mayi ake akhala akuchitira ku Ngabu zaka zonsezi.

Mayi a Thoko: Akundilembera ndi mlongo wake, maso anga pa foni savomera. Ine za mtsuko sindikudandaula, ndikaumba wina ndimupatsa apite nawo. Changa n'chimodzi. Akayamba ntchito imeneyi, Nsanje yense adziwa kuti mwana wanga amadzibaya. Anthu athu mukuwadziwa pakamwa. Adzati mtsikana ameneyu sangabereke, ena adzati anamulodza. Ife tabisa zaka zonsezi kuti akule mwamtendere.

Azakhali, Nchalo: Ndi zomwe ndimafuna kunena ine. Ngakhale kuno alipo amene amati anadya nzimbe zambiri ali mwana pobwera ku tchuthi.

Thoko: Mayi, amene akudziwa ndi ambiri kale. Ku tchalitchi anandiona nditagwa tsiku la zokolola lija. Kwa mnyamata amene anabwera kudzaonekera kwa malume ndinamuuza ndekha tsiku loyamba. Ndipo azakhali, shuga wanga si wa nzimbe. Wanga ndi wa mtundu woyamba, thupi linasiya kupanga insulini. Wa agogo aamuna uja unali wa mtundu wachiwiri, n'chifukwa chake iwo ankamwa mapiritsi a metformin pomwe ine popanda jakisoni sindingakhale ndi moyo.

Achimwene, Joni: Ndiye chikukuletsa n'chiyani chemwali? Ukuyankha bwino aliyense koma sunanene kuti ukufuna kupita.

Thoko: Chifukwa ndikuopa achimwene, ndipo si dzuwa kapena pakamwa pa anthu. Tsiku lomwe anandiitana kukacheza nawo, ndinafika kiliniki ili m'kati. Ndinakhala pa benchi ndi bambo wina wodulidwa mwendo m'munsi mwa bondo. Anandiuza kuti chinayamba ndi munga kudimba, sanaumve n'komwe, anangoona ntchentche zikutsata phazi. Mbali inayi kunali mayi wogwiridwa dzanja ndi mdzukulu, maso anachita khungu. Ine ndikakhala kunyumba, ndikabaya wa m'mawa shuga ndimamuiwala mpaka madzulo. Ndimapita ku msika, ndimaseka ndi anzanga. Kumeneko ndizidzuka ndi shuga, kuswera ndi shuga, kugona ndikuganiza za mwendo wa bambo aja. Sindikudziwa ngati mtima wanga ungapirire kuona tsiku ndi tsiku zomwe zingadzandichitikire ine.

Malume, Ngabu: Mmm. Zimenezi sunandiuze mphwanga.

Thoko: Ndinalibe poyambira malume. Koma palinso china. Pa benchi pomwepo panali kamnyamata ka zaka ngati 12, koonda, milomo youma. Mayi ake anati anasiya kukabaya mwezi wathunthu atauzidwa ku mapemphero kuti kachira, n'kumakamwetsa madzi a nimu ndi chammwamba. Kanatsala pang'ono kupita. Nditatulutsa kamakina kanga kanandiyang'anitsitsa, kenako kanandifunsa kuti, asisi, inunso mumabaya? Ndinakaonetsa pamimba pomwe ndimabaya. Mayi ake anandifunsa zaka zanga, nditawauza anayamba kulira. Ankaganiza kuti ana a shuga safika pa msinkhu wanga. Nesi anali atawauza kangapo, koma sanakhulupirire mpaka ataona munthu.

Mlamu, Blantyre: Thoko, mantha akowo si achibwana, ndipo usalole munthu akuuze kuti ungolimba mtima. Ngakhale ife ovala yunifomu timapita nazo kunyumba. Koma ndikuuze zomwe ndimaona. Miyendo ndi maso zimaonongeka shuga akakhala wokwera zaka zambiri osayezedwa. Ambiri amene unawaona anadziwa mochedwa. Iwe ukhala pafupi ndi dokotala sabata iliyonse, mapazi ako aziyang'anidwa, zoyezera sizikusowa. Kwa thupi lako ntchito imeneyi ndi yabwino kuposa kukhala. Za mtima ndiye uwafunse poyera: pali munthu amene uzikhala naye pansi zikakulemera? Masiku opuma alipo? Ndipo ku Neno makiliniki a mtundu umenewu anayamba kale, uwapemphe akulumikize ndi wina wogwira ntchito ngati yakoyo ulankhule naye usanasaine.

Azakhali, Nchalo: Ine za kamnyamatako zandikhudza. Komabe nthawi ya mvula bwanji? Freddy mu Malichi 2023 anadula msewu, Nsanje anakhala payekha. Ku Makhanga kunkafikika pa boti basi. Mankhwala akamuthera ali tsidya?

Malume, Ngabu: Limenelo likhale lamulo lathu. Kuyambira Disembala mpaka Malichi asamaoloke Shire kukagona tsidya, ndipo pa nyumba pazikhala botolo lapadera losatsegula. Akakana zimenezo mabwana akewo, ntchito ikhale.

Achimwene, Joni: Botolo lapaderalo ndi kachikwama kozizira koyendera n'zanga. Nditumiza kudzera kwa mlamu mwezi ukatha. Njinga ya bambo ija matayala ake akadali bwino?

Mayi a Thoko: Njinga ili bwino, yangofuna tcheni. Thoko mwanawe, ine sindinadziwe kuti umaganiza zotere. Ndinkabisa poopa kuti anthu akupweteka. Ngati mayi wa mwana uja anapeza mpumulo pokuona, sindingakutsekere pakhomo. Koma ndikupita nawe sabata yoyamba, ndikaone pogona pako ndi maso anga.

Amayi aang'ono, Nsanje: Bwerani achemwali, mudzandionetse kaphikidwe kake. Ufa wa mapira ulipo, nyemba ndi therere sizisowa.

Thoko: Sindinavomere kaye. Mawa ndiwaimbira ndiwafunse zitatu zija, za kuoloka, za masiku opuma, ndi za munthu wa ku Neno. Akandiyankha bwino ndivomera Lachisanu.

Malume, Ngabu: Uimbe ndili pompo, ndibwera ndikachoka ku msika wa ng'ombe. Mlamu, lembani zizindikiro zija pa pepala m'zilembo zikuluzikulu, amayi aang'ono akamate kukhoma.

Mlamu, Blantyre: Ndilemba usiku uno. Thoko, unditumizire chithunzi cha tsamba lomaliza la buku lako la ku chipatala ndione mlingo womwe ukubaya panopa.