Kodi "mudalaka" n'chiyani pa mwambi wa njoka uja?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi wakuti "Kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka" timaunena tonse, koma mawu oti "mudalaka" sandilowa. Nanga njoka kwawo si kuthengo komweko?

Chandifunsitsa ndi nkhani ya aganyu a ku Ireland. Kalembera wa 1841 anapeza anthu oposa 57,000 amene anawoloka nyanja chaka chimenecho kukakolola tirigu ku England ndi ku Scotland, ambiri ochokera m'maboma a Mayo, Roscommon ndi Donegal ku Ireland komweko. Ankadzala mbatatesi kwawo, n'kunyamula zenga, n'kukwera sitima yopita ku Liverpool kapena Glasgow. Kumeneko ankagona mothithikana m'mashedi a eni minda. Zokolola zikatha ankabwerera kwawo ndi ndalama yolipirira lendi ya kamunda kawo. Kodi mwambiwu ukunena anthu ngati amenewa?

Mphunzitsi wopuma:
Mwana wanga, kulaka ndi kukanika munthu, kumuposa mphamvu. Si paja timati "ntchitoyi yandilaka"? Ndiye m'thengo mudakanika njoka. Ine ndinaumva chonchi: njoka imayenda tchire lonse, koma moto wa lupsa ukabuka kapena linthumbu likaigwira, imathawira ku una wake. Tchire ndi koyenda chabe, kwawo ndi kuuna. Aganyu akowo akukwanira bwino pa mwambiwu.

Mayi wa ku Glasgow:
Aphunzitsi, tanthauzolo ndikuvomera, koma pa anthu a ku Ireland mwafulumira. Mu 1845 matenda anagwira mbatatesi, zinkaolera m'nthaka momwemo, ndipo galu wakuda anakhazikika mpaka cha m'ma 1852. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, enanso ochuluka chomwecho anathawa m'dziko. Eni malo ankathamangitsa olephera lendi, nyumba n'kuisasula denga kuti asabwereremo. Una wake unali uti pamenepo?

Pofika 1851, anthu obadwira ku Ireland okhala ku England ndi Wales anali ataposa 500,000, ku Scotland kuno oposa 200,000. Ambiri anadzaza m'matauni, koma muone mabuku a kalembera a maparishi a kumidzi. Mupeza kanyumba kamodzi: bambo, mayi, ana, kenako mndandanda wa ogona molipira, onse obadwira ku Ireland, onse aganyu a kumunda. Wobwera kumene ankafikira kwa mnzake wakwawo, amene ankadziwa mlimi wolemba ntchito ndiponso komwe kuli wansembe wa Katolika. Mayi wa pakhomopo ankaphikira ndi kuchapira onsewo, ndipo tindalama ta ogonawo tinkathandiza banja m'miyezi yozizira, ganyu atasowa. Amenewa anali matchona ndithu, osati mwa kufuna kwawo.

Mphunzitsi wopuma:
Mwandiphunzitsa, mayi. Komabe taonani amene ankagona m'kanyumbako. Bwanji sankafikira kwa Mngelezi?

Mayi wa ku Glasgow:
Penanso n'chifukwa choti Mngeleziyo sankawafuna, aphunzitsi. Aganyu a komweko ankawada kuti akutsitsa malipiro, ndipo nkhani ya chipembedzo inkawonjezera moto. Kuthithikanako ena ankakutcha uve, chonsecho chinali chisowa pogona.

Wofunsa:
Zikomo nonse, za "kulaka" ndamva. Koma aphunzitsi, agogo anga ankati "mudalaka", amalume amati "munalaka". Cholondola n'chiti?