Ndinagula raundi ya maphukusi ku Birmingham, depoti yaidula pakati

Bambo a Tadala: Anzanga, ndithandizeni nzeru chifukwa mutu wanga waima. Miyezi inayi yapitayo ndinagula raundi, kutanthauza misewu imene dalaivala amatulamo maphukusi a kampani, kwa mkulu wina amene amapuma pantchito, pamodzi ndi vani yake ya dizilo ya 2014. Nthawi imeneyo raundiyo inali ya nyumba zogundizana, kumene umaimika vani kamodzi n'kutula maphukusi asanu. Sabata yatha a kudepoti asintha ma postcode, misewu yabwino ija apatsa munthu wina, ine andiponyera mafulati a m'kati mwa Middleway, msewu wozungulira pakati pa mzinda wa Birmingham. Vaniyo ndi ya Euro 5, mulingo wakale wa utsi wa injini, choncho tsiku lililonse ndikulipira £8 ya Clean Air Zone, dera la m'kati mwa msewuwo limene galimoto zautsi zimalipira poyendamo, osawerengera nthawi imene ndikutaya nditaima pakhomo la fulati, katoni ili paphewa, kudikira woti anditsegulire pamene sikana, kachipangizo kowerengera maphukusi, ikuwerenga mphindi. Alipo amene anabwezeredwapo raundi yake?

Malume a ku Leicester: Achimwene, pepani kuti ndilankhula mosapsatira. Inu simunagule raundi, munagula vani. Raundi ndi ya kampani, ndipo amaidula mmene afunira.

Mayi a Chisomo: Musanapite kukakalipa ku ofesi, werengani kontrakiti yanu modekha, muone ngati ma postcode analembedwamo ndiponso ngati a kudepoti anavomereza mwa kalata kuti raundi ichoke m'dzina la mkuluyo kubwera m'dzina lanu. Onaninso inshuwalansi. Ya galimoto wamba sigwira ntchito imeneyi, pamafunika ya hire and reward, ya onyamula katundu wa ena molipidwa, ndipo katundu wa m'vani amafuna yakeyake ya goods in transit. Ine ndinaphunzira mowawa. Tsiku lina ndinakwera kukatula phukusi pansanjika yachitatu, pobwerera ndinapeza chitseko cha m'mbali chili pululu, matumba awiri atapita. Anandidula malipiro milungu itatu, ndipo kumafulati kumene akutumizaniko n'kumene zoterezi zimachitika kawirikawiri.

Bambo a Tadala: Mayi, kontrakiti ya kampani ili m'dzina langa koma sikutchula msewu ngakhale umodzi. Za raundi zili papepala limene tinasainirana ndi mkulu uja patebulo la kunyumba kwake.

Malume a ku Leicester: Ndi zimene ndanena zija. Pepala limenelo limamanga inu ndi mkuluyo basi, depoti sililidziwa.

Achimwene a ku Coventry: Malume, zimenezo tamva, koma munthuyu akufunika kudya mwezi uno. Bambo a Tadala, chonde musaiwale kulipira £8 ija, chifukwa akangodutsa masiku asanu ndi limodzi kuchokera tsiku limene munalowa m'deralo musanalipire, kumabwera chindapusa cha £120, chimene amachitsitsa kufika pa £60 mukalipira m'masiku 14. Chachiwiri, patulani ya msonkho sabata iliyonse. Chaka changa choyamba ndinagwira ntchito ya Khirisimasi mpaka miyendo kutupa, ndalama zonse ndinazithira m'matayala ndi kutumiza kumudzi, ndiye pofika pa 31 January HMRC, bungwe lotolera msonkho, inafuna msonkho wa chaka chonse pamodzi ndi theka la wa chaka chotsatira. Ndinachita kukongola kwa mlamu wanga.

Mayi a Chisomo: Ndipo mukatopa musayerekeze kupatsa raundi mwana wasukulu kuti akugwirireni Loweruka. Amene ali pa Student visa saloledwa kugwira ntchito yodzilemba yekha, ndipo mungamuike m'mavuto aakulu.

Achimwene a ku Coventry: Ine ndikanawerengera bwinobwino ngati kugulitsa vaniyo n'kupeza ya Euro 6, imene salipiritsa £8 ija, sikungapepuke kuposa kumalipira tsiku ndi tsiku, koma musalowe ngongole ya vani musanadziwe ngati mafulatiwo mukhala nawo.

Malume a ku Leicester: Angadziwe bwanji pamene mawa akhoza kuwasinthanso? Ndakhala pantchito imeneyi zaka zambiri, ndipo sindinaonepo dalaivala amene ali ndi msewu wakewake.

Mayi a Chisomo: Bambo a Tadala, nanga mkulu amene anakugulitsaniyo, pamene mumasainirana anali atamva kale kuti ma postcode asintha? Mwamuimbira foni?