Merlin watha: ndiike sirizi iti yoti munthu aonere ngakhale anaphonya dzulo?

Wavidiyosho_Chitakale

Moni nonse apagulu. Ndili ndi kavidiyo sho kuno ku Chitakale, ka mabenchi amatabwa, TV imodzi, sola ndi batire. Masana ndimaika makarate ndi mpira wobwereza, koma madzulo ndi nthawi ya masirizi, ndipo ndi pamene pamalowa kangachepe.

Merlin tamumaliza sabata yathayi, magawo onse 65, mpaka paja Arthur akufa anthu n'kutuluka ali chete ngati kumaliro. Tsopano ndasowa chotsatira. Vuto langa ndi ili: makasitomala anga ambiri ndi othyola tiyi m'maesiteti ndi anyamata a kabaza. Dzinja lino tiyi waphuka kwambiri, anthu akuweruka mochedwa ali otopa, wina amabwera Lolemba n'kudzaonekanso Lachisanu. Ndi Merlin zimenezi sizinkavuta. Gawo lililonse linkabwera ndi chilombo chake kapena mfiti yake, Merlin n'kuthana nacho mobisa poti mfumu Uther inaletsa matsenga mu Camelot, ulemu wonse n'kupita kwa Arthur, nkhani n'kutha m'mphindi 45. Gawo lija la musizoni yachitatu, kachiwanda kaja katalowa mwa Gaius, Uther n'kuchita dazi, Arthur n'kumera makutu a bulu, anthu amandiuza kuti ndibwereze mpaka lero, ndipo ena mwa iwo sadziwa n'komwe kuti Morgana ndi ndani.

Ndinayesa Stranger Things. Ndi yabwino, sindikukana, koma magawo 8 a sizoni yoyamba aja ndi nkhani imodzi yongodulidwa. Amene waphonya gawo lachitatu amangokhalira kufunsa mnzake kuti mtsikana wometa uja wachokera kuti, mnzakeyo n'kuyamba kufotokoza mokweza, akumbuyo n'kuyamba kukalipa.

Ndiye ndithandizeni. Ndikufuna ya zamatsenga kapena za m'mlengalenga, yoti gawo lililonse lizitha palokha, komanso yoti mwana akasuzumira pakhomo ndisachite manyazi ndi makolo ake.

NaLuchenza

Achimwene, musavutike kuganiza, ikani Legend of the Seeker. Anthu amene anakonda Merlin sangakane Richard, Kahlan ndi gogo Zedd uja wokonda kudya. Muli malupanga, matsenga, nkhalango ndi mapiri a ku New Zealand komwe anajambulira, ndipo magawo ambiri amayenda momwe mukufuniramo: afika pamudzi, apeza vuto, amenya nkhondo, apitirira ulendo. Nkhani yaikulu ya Darken Rahl ndi yosavuta, woipa ndi uyo, tikamuphe, basi.

Koma ndikuchenjezeni ziwiri. Ili ndi masizoni awiri okha, magawo 44, anaiimitsa mu 2010. Anyamata oika mafilimu m'mafulashi ena amanama kuti ali ndi sizoni yachitatu, kulibe zimenezo, musawapatse ndalama. Chachiwiri ndi azimayi aja ovala zikopa zofiira zothina, a Mord-Sith. Gawo la Denna, pomwe akumuzunza Richard, limenelo muike ana atapita kukagona.

Mphunzitsi_Wopuma_Thyolo

Mwana wanga, funso lanu landisangalatsa chifukwa mwaona nokha pa mabenchi anuwo chinthu chimene chinasintha mmene anthu amalembera masirizi. Kale ku America ndi ku Britain sirizi inkaonetsedwa pa TV kamodzi pa sabata, ndipo woiphonya analibe poipezanso msanga. Komanso eni ake ankapeza phindu lalikulu pogulitsa magawo akale ku nyumba zina za kanema zomwe zinkawaonetsa mosatsata ndondomeko. Choncho olemba ankakakamizika kuti nkhani iyambe ndi kutha m'gawo limodzi, kuti aliyense wotsegula TV usiku umenewo amve. Zinatembenuka pamene makampani a pa intaneti anayamba kutulutsa sizoni yonse tsiku limodzi, monga anachitira a Netflix mu 2013. Iwo amafuna kuti munthu asadzuke pampando, ndiye gawo lililonse amalidula pakati pa mpeni. Anthu anuwo amaonera ngati mmene ankaonera Azungu zaka za m'ma 1990, ndiye funani masirizi a nthawi imeneyo.

Yoyamba ndi Stargate SG-1. Inayenda kuyambira 1997 mpaka 2007, masizoni 10, magawo 214, moti simudzabweranso pano kudzafunsa chaka chino. Mfundo yake mwana wa Sitandade 5 aimva: pali chipata chozungulira chomwe gulu la anthu anayi limalowapo n'kutulukira kudziko lina, gawo lililonse dziko lake. Adani awo ndi zolengedwa zokhala ngati njoka zomwe zimalowa m'thupi la munthu n'kumadzitcha milungu ya ku Egypt, anthu n'kumazipembedza. Mukafuna kuwayesa anthu anu, yambani ndi gawo la musizoni yachinayi lotchedwa Window of Opportunity, momwe tsiku limodzi likungobwerezabwereza ndipo O'Neill ndi Teal'c okha, awiri mwa anayi aja, ndi amene akudziwa. Atatopa nazo amayamba kuchita zopusa podziwa kuti mawa palibe adzakumbuke, mpaka kumenya gofu kudzera pachipata chija. Mukaseka mokwanira, mapeto ake amakugwirani pakhosi, chifukwa woyambitsa zonsezo ndi bambo wofuna kuonanso mkazi wake amene anamwalira.

Yachiwiri ndi Doctor Who ya BBC, koma apa musankhe magawo, musaike yonse. Ine ndimati gawo loposa onse ndi Blink la mu 2007, lolembedwa ndi Steven Moffat. Muli ziboliboli za angelo zomwe sizisuntha ukamaziyang'ana, koma ukangophethira zakufika. Sizikupha ayi, zimakutaya m'nthawi yakale kuti ukakalambire kumeneko. Mtsikana wina akulowa m'nyumba yakale ndi mnzake, mnzakeyo akusowa, ndipo nthawi yomweyo pakhomo pakugogoda mnyamata atanyamula kalata yochokera kwa agogo ake omwe anamwalira kalekale, omwe ndi mnzake uja, anaponyedwa mu 1920. Doctor mwini wakeyo amaoneka pang'ono chabe, ndiye safunika kumudziwa. Mulibe magazi, mulibe zolaula, koma ndinaonera ndi adzukulu anga ndipo wamkulu anakana kupita yekha kukatseka khola la nkhuku.

Pongodutsa: sirizi imeneyi inayamba pa 23 November 1963, ife tisanalandire n'komwe ufulu, ndipo BBC inafufuta matepi ambiri akale kuti ijambulirepo zina. Magawo oposa 90 akusowabe. Mu 2013 magawo 9 omwe ankati anatayika anapezeka mumzinda wa Jos ku Nigeria, atangokhala pashelefu m'nyumba ya kanema. Ndipo amene anatenga udindo wa Doctor mu 2023, Ncuti Gatwa, anabadwira ku Rwanda.

Jah_B_Limbuli

Madala mwalemba bwino koma zimenezo ndi zakale heavy. Man, ikani Game of Thrones basi. Masizoni 8, magawo 73, zinjoka zolavula moto zenizeni osati chija cha Merlin chongolankhula m'phanga. Anthu akangoyamba sangajombenso, tiyi amusiya m'munda.

Wavidiyosho_Chitakale

Aphunzitsi, zikomo kwambiri, mwanditsegula mutu. Achemwali a ku Luchenza, za sizoni yachitatuzo ndamva.

Mphwanga wa ku Limbuli, iwe ukufuna amfumu andiitanitse. Game of Thrones gawo loyamba lomwelo muli zinthu zoti sungaonere ndi mlamu wako, ndiye ine pakhomo pali chinsalu chokha. Komanso ndiyo yoipitsitsa pa vuto ndanena lija: mabanja ambirimbiri, mayina osatha, ukaphonya gawo limodzi upeza amene umamudalira adamudula kale mutu.

Ndipo pali china. Ndinaonera ndekha gawo la nkhondo ya ku Winterfell lija, The Long Night, lachitatu musizoni yomaliza ya 2019. Mphindi zoposa 80 za usiku wokhawokha. Anajambula dala mumdima, kuwala kwake kwa miyuni ndi moto basi, ndipo ngakhale Azungu a ma TV akuluakulu anadandaula kuti sakuona kanthu. Nanga ife? Mafayilo amene timapeza kuno amakhala atafinyidwa kuti achepe, ndipo akafinya chimayamba kuonongeka ndi malo amdima, zakuda zonse zimangosanduka mabokosimabokosi. Pa TV yanga, batire itayamba kufooka, ndinkangomva kukuwa ndi malupanga. Munthu walipira ndalama yake kuti aone, osati kumvera ngati sewero la pawailesi.

Wotsogolera_Alendo_Likhubula

Akulu, ine ndibwere ndi mbali ina. Pa za ana aja osuzumira pakhomo, bwanji Loweruka masana muziwaikira zawozawo? Pali Supa Team 4, katuni ya pa Netflix ya mu 2023, yolembedwa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia. Ndi atsikana anayi a sekondale mu Lusaka wam'tsogolo, ndipo zimene akulimbana nazo ana athu azidziwa, mpaka za kuzimazima kwa magetsi zilimo. Palinso Kizazi Moto ya Disney, ya chaka chomwecho, tinkhani 10 tosiyanasiyana ta olemba a ku Zimbabwe, Uganda, Kenya, South Africa, Nigeria ndi Egypt. Kalikonse kamatha pakokha m'mphindi zochepa, ndendende zimene mukufuna.

Chimene chimandiwawa ndi choti pamndandanda umenewo Malawi palibe, pomwe ine tsiku ndi tsiku ndimakwera phiri la Mulanje lodzaza ndi magawo a sirizi. Taganizani: gawo lina la munthu wopeza nthochi zakupsa kapena nsima yotentha pathanthwe, lamulo lake n'loti udye wekha osaitana mnzako, osatengako kunyumba, iye n'kuphwanya lamulolo. Lina la Abathwa aja ofunsa kuti mwandionera pati, woyankha kuti pompano n'kuona zakuda. Lina la nkhalamba ya pa Dziwe la Nkhalamba. Lina la wokwera Sapitwa, mamita 3,002, chifunga n'kutsika, iye n'kumva ng'oma kutsogolo. Za Napolo ndiye sindinena mopepuka, chifukwa a ku Phalombe amene anaona madzi ndi miyala ya mu March 1991, ndi tonsefe amene tinaona Freddy mu 2023, timadziwa kuti si nthano yoseketsa, koma wolemba waluso akhoza kuigwira mwaulemu. Agogo athu ankasimba nthano zimenezi usiku umodzi nthano imodzi, wobwera mawa sankafunsa za dzulo.

Alendo ena amafika atamva kuti Tolkien, mwini nkhani zomwe anapangira The Rings of Power, anakwera phiri lino ndipo ndi limene linamupatsa nzeru. Anzanga ena amavomera kuti tipu ikule. Ine ndimawauza zoona: munthuyo anabadwira ku Bloemfontein mu 1892, anapita ku England ali ndi zaka zitatu, ndipo palibe umboni woti anapondako kuno. Phirili silisowa kubwereka mbiri kwa mlendo.

NaLuchenza

Achimwene a ku Likhubula, lembani ndithu, ine ndidzasewera nkhalamba ya padziweyo. Koma pa za Stargate ndili ndi nkhawa imodzi, aphunzitsi. Muja amalankhula kwambiri, makamaka Carter akayamba kufotokoza za sayansi ndi Daniel za zilankhulo zakale. Merlin ndi Seeker munthu amatsatira ndi maso ngakhale Chingerezi chikumudutsa. Blink nayonso yagona pa kalata ija ndi mawu a Doctor pa kanema. Popanda womasulira, theka la benchi lisochera.

Mphunzitsi_Wopuma_Thyolo

Mayi, mwanena zoona, pamenepo sindinaganizire mabenchi. Komabe Blink mukhoza kuikonza: musanayambe, imani kutsogolo muwauze zinthu ziwiri zokha, kuti ziboliboli zimayenda munthu akaphethira, ndiponso kuti zikakugwira umapezeka m'chaka cha agogo ako. Zotsalazo maso aona okha. Pofika pa kalata paja imitsani kanema, muwawerengere m'Chichewa, mupitirize.

Wavidiyosho_Chitakale

Ndasankha motere. Seeker ayambe Lolemba, poti ndi wosavuta kumupeza kuno ndipo alipo womasuliridwa kale m'Chichewa, ngakhale womasulirayo amawonjezera zake mpaka Zedd kumutcha asing'anga a ku Muloza. Blink ndiika Lachisanu la fotinaiti anthu atalandira, ndimasulira ndekha monga anenera aphunzitsi, ndipo ndidzatseka chitseko chakumbuyo kuti mukhale mdima. Ana Loweruka masana, Supa Team 4, theka la mtengo.

Stargate ndiyamba ndaonera ndekha magawo angapo kuti ndione ngati pakamwa panga pangakwanitse Carter. Amene ali nayo yooneka bwino, osati yofinyidwa ija, pakati pa Chitakale, Chonde ndi Luchenza, andilembere kumbali. Fulashi yanga ndi ya 32 GB, ndiye tiziika masizoni awiriawiri.